Chingerezi cha Kuseri kwa Chitseko

Ana inu, tasiyani kaye masutikesiwo, alibe miyendo. Chanda, chotsa timawaya tako m'makutumo, makutuwo ndikuwafuna ine lero. Yamikani, khala apa pamkeka, ndipo ndikakuitana usamati "yes", ine si mphunzitsi wako, ndine ambuya ako. Mwatsala pang'ono kukwera ndege kupita kwa amayi anu ku Mangalande, ndiye pali nkhani imene ndikufuna mupite nayo. Mukudziwa kuti atate anu anavutika ndi mayeso a Chingerezi, koma inu munaona za mbali imodzi ya chitseko. Za mbali inayo ndikuzidziwa ndine.

Ndiyambira patali, nkhalamba siidziwa njira yachidule. Atate anga anachokera ku Ntcheu, ku Malawi, ndevu zisanamere. Anayenda wapansi, kwina pa lole, kudzafuna ntchito kumgodi kuno. Ankati akangogula njinga ndi bulangeti abwerera kwawo. Njinga anagula, bulangeti anagula, koma manda awo ali konkuno ku Kabwe. Ine ndinabadwira m'komboni ya mgodi, fumbi lakuda lija likutilowa m'mphuno ndi m'mbale momwe. Kunja tinkasewera m'Chibemba, pamsika tinkamva Chilenje, koma ukangoponda pakhomo pathu, Chichewa basi. Atate ankati zilankhulo za eni ake uzivula pakhomo pamodzi ndi nsapato. Inuyo mumalowa nazo zonse mpaka kuchipinda, Chibemba mwendo uno, Chingerezi mwendo uwo, Chinyanja chili m'thumba.

Chingerezi changa choyamba ndinachimva pa wailesi ya atate, chibokosi cha mabatire akuluakulu amene tinkawayanika padzuwa akafooka. Madzulo ankatsegula nkhani, ine n'kumawatanthauzira. Zimene sindinamve ndinkangopeka, ndipo atate anamwalira akukhulupirira zinthu zina za m'dziko zimene sizinachitikepo. Nditamaliza sukulu ndinaphunzira kutaipa ndi kulemba mwachidule, zilembo zokhotakhota zija munazipeza m'bokosi mwanga n'kumati ambuya amalemba zamatsenga. Ndinalembedwa ntchito pa kampani ina yonyamula katundu pafupi ndi siteshoni ya sitima. Taipi simunaioneko inu. Chinali chitsulo cholemera, ukachimenya chinkayankha, chikafika kumapeto kwa mzere kabelu n'kulira. Ukafuna makope unkaika mapepala a kaboni pakati, ndiye ukalakwitsa chilembo chimodzi walakwitsa pa makope onse, ndipo zala zinkakhala zabuluu mpaka Lamulungu.

Bwana wanga anali mzungu wamtali wa kaliwo pakamwa. Akafuna kalata ankandiitana ndi pensulo yanga, iye n'kuyamba kuyendayenda mu ofesi. Mawu ena ankalankhulira kuwindo, ena m'kabati, ena ankawatafunira limodzi ndi kaliwoyo, kunjaku sitima ikulira. Sanali munthu woipa, koma kubwereza sankakudziwa. Masiku oyamba ndinkakalirira kuseri kwa ofesi. Liwu limodzi likandidutsa ndinkaima pomwepo kulifunafuna, ndipo podzidzimuka kalata yafika kale pa moni wotsiriza. Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa mu ofesi momwemo. Anati, "Mwana iwe, basi ikakusiya suthamangira fumbi lake, umayang'ana ikubwerayo. Siya mpata papepala, pitirira." Ndinayesa, ndipo ndinagwira ntchito imeneyo mpaka mgodi unatsekedwa, kampani n'kutha, tauni yonse n'kuzizira.

Tsono atate anu. Tiyamike, amayi anu, anakumana nawo kusukulu ya unamwino. Nditamva kuti ndi Mbemba wobadwira m'tauni, wa jinzi ndi mafoni, ndinati basi, ameneyu adzandipatsa moni wa dzanja ali chiimire, mwina n'kundikumbatira komwe. Ayi ndithu. Azakhali awo anali atawalanga bwino. Tsiku limene anabwera kudzaonekera, atangondiona ndikutuluka m'nyumba anapatuka, n'kukanyonyomala kuseri kwa mtengo wa mango uwo, maso pansi, akuomba m'manja. Ine manyazi anandigwira. Mkamwini akakupatsa ulemu wotere, iwe mpongozi ungabweze wochepa? Nanenso ndinabwerera m'nyumba, moniwo n'kuuyankhira kuseri kwa chitseko.

Zinayamba choncho ndipo zinakhala choncho. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana, sadyera pamodzi, ndipo mawu amadutsa mwa munthu wina. Agogo anu aamuna, malemu, tsiku lina anakumana ndi amayi anga pakanjira kopapatiza ali pa njinga. Popatuka anagwera mu ngalande, njinga pamwamba, ndipo amayi sakanatha kuwavuula. Anangotembenuka n'kumauza mtengo kuti pepani, pepani. Inu mukuseka, ndipo ifenso munkatiseka, ndinkakumvani. "Ba daddy bayopa ambuya!" Sikunali kuopa, ana inu, unali ulemu. Komabe ndisaname, nthawi zina zinkanditopetsa, makamaka ndikafuna mchere uli patebulo pomwe iwo akhala. Iwe Chanda unabadwa, unamera mano, unayamba sukulu, ine ndi atate ako tikuzembanabe, chifukwa panalibe wofuna kukhala woyamba kusiya.

Kenako kunabwera nkhani ya ku Mangalande. Chipatala china kumeneko chinkafuna anamwino, ndipo chinawatenga onse awiri, koma chinati aliyense abweretse pepala losonyeza kuti Chingerezi amachimva, amachilankhula, amachiwerenga ndi kuchilemba. Ine ndinaseka. Anthu ophunzira m'Chingerezi kuyambira giredi wani, akayesedwenso Chingerezi? Anapita ku Lusaka kukalemba. Tiyamike anakhoza. Atate anu anakhoza zigawo zina zonse, n'kugwa pa chigawo chomvetsera, chija amakuveka zam'makutu, anthu n'kumalankhula, iwe uzilemba mayankho.

Anagwirizana kuti amayi anu atsogole, atate anu alembenso, adzabwere nanu pambuyo. Chipatala chija chinalonjeza kuwasungira malo, koma osati mpaka kalekale. Chinati chaka chikatha malowo apatsa wina. Ndi mmene munasamukira kuno ku Makandanyama, kuti ine ndizikuyang'anirani iwo akapita kuntchito ku kiliniki ya cha ku Mukobeko. Tangoganizani, mkamwini ndi mpongozi denga limodzi, khomo lotulukira limodzi. Aliyense ankayamba wakhosomola asanatuluke m'chipinda, ngati madalaivala oliza hutala pakona. Anthu oyandikana nafe ankaganiza kuti m'nyumba muno mwalowa chifuwa.

Atate anu si munthu waulesi, zimenezo ndingachitire umboni kulikonse. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankakhala pabalaza ndi foni ndi kope, kumvetsera azungu akulankhula, iwo n'kumalemba liwu ndi liwu. Dikiteshoni, yomwe ija tinkachita ife. Khoma la nyumba ino mukulidziwa, limatchinga maso okha. Ndinkamva mayi wina wachizungu akufotokoza za odwala shuga. Anene mawu ochepa, zii. Abwereze omwewo, zii. Abwerezenso. Chala cha atate anu chinali pa foni, kubweza, kubweza. Mayi uja anabwereza chiganizo chimodzi mpaka ine ndinachiloweza, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhuku zanga nazo zinachiloweza. Loweruka iwe Chanda unkawawerengera nyuzipepala, ukaona cholembera chaima n'kumadikira, mwana wachifundo. Amayi anu nawo pa foni ankawerenga pang'onopang'ono ngati akumwetsa wodwala phala. Kope linkatuluka loyera lopanda cholakwa, nonse n'kumaomba m'manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine ndinkamva pamene pali vuto, koma za mkamwini mpongozi salowerera asanaitanidwe. Mvula itatha anapitanso ku Lusaka, ndipo anagwa pomwe paja. Tiyamike anandiimbira akulira.

"Amai, bashi Chanda bafeluka futi. Bakamba ati paja muntu akamba kamozi chabe. Liu limozi likabapita baimilila pamene apo, vinangu vonse vapita. Manje nizachita bwanji? Bana banga nizabaona liti?"

Ndinati, "Leka kulira, ukunditseka makutu. Amuna ako Chingerezi amachimva. Chawapha ndi chifundo chanu nonsenu, ndi chala chawocho. Uwauze kuti m'mawa foni ija aziisiya pakhomo la chipinda changa."

"Amai! Imwe na bamuna banga?"

"Ine ndi foni. Iwo akhala kwawo, ine kwanga."

Ndiye mawu anachoka m'chipinda muno, anawoloka nyanja kukafika ku Mangalande, n'kubwereranso kudzatera pabalaza apo, mtunda woti nkhuku singatope. Ndinamva foni yawo ikulira kuseri kwa khoma. Ndinamva "Awe!" kenako "Awe mwandi."

Panadutsa masiku osamva kanthu. M'mawa wina, kuzizira kwa Juni kutayamba kuluma, ndinamva kuomba m'manja pakhomo panga, kenako mapazi akubwerera. Nditasuzumira ndinapeza foni ili m'mbale yoyera, ngati chopereka cha kutchalitchi. Mpando anali ataukokera pafupi ndi chitseko changa n'kuutembenuza kuti andifulatire. Pokanikiza unali utandionetsa kale iwe Chanda, ndi kudandaula kwambiri kuti ambuya zala zawo n'zolimba. Zala zimenezi zinalimbira pa taipi, mwana iwe, zinawalipirira amayi ako sukulu.

Ndinasiya chitseko chotseguka mpata wa dzanja, ndinakhala pabedi, ndinakanikiza. Kunalankhula bambo wina wa mawu a m'mphuno, za mankhwala a mtima. Sindinaimitse. Ndinkamva cholembera chikuthamanga, chikupunthwa, kenako chaima. Ndinamva atate anu akupumira m'mwamba, mpando ukulira. Akanakhala Tiyamike wagwira foniyo, akanamuuza kuti bweza pang'ono. Ukanakhala iwe, akanakulanda. Koma mkamwini angatsegule pakamwa kuuza apongozi ake kuti bwerezani? Lilime lingakane. Inenso nkhope yawo sindinkaiona, choncho chifundo chinalibe polowera. Bambo wa m'mphuno uja analankhula mpaka anamaliza yekha.

Pepala linalowa pansi pa chitseko. Mayo ine! Linali mabowo okhaokha ngati lichero lakale. Poyambira panali bwino, pakati ponse mbee, kumapeto timawu tochepa. Ndinamvetseranso ndekha ndi pensulo yofiira, ndinadzaza mipata, n'kulibweza mmene linabwerera. Mawu anga sindinalembepo ngakhale amodzi, chifukwa kulembera mkamwini kalata n'kulankhula naye komwe.

Tinayenda nazo choncho nyengo yonse yozizira, ine mbaula kumapazi, iwo jekete mpaka m'makutu. Mu foni muja munali anthu amitundumitundu. Ena ankameza mawu, ena ankaimba, wina ankathamanga ngati wasiya mkaka pamoto. Magetsi akathima foni n'kufa, ndinkatenga nyuzipepala yakale yokulungira tomato, n'kumawerenga mokweza ndikuyendayenda, mawu ena kuwindo, ena m'kabati, monga bwana wanga uja. Sindinkawerengera iwo ayi. Ndinkadziwerengera ndekha m'chipinda changa, ndani akanandiletsa? Ngati wina kunjako ankalemba, zinali zake. Chingerezi changa chinali chitachita dzimbiri, koma chinadzuka. Tsiku lina ndinaponya mtedza wokazinga mkamwa kuti ulowe m'malo mwa kaliwo, ndipo ndinamva munthu akudziletsa kuseka mpaka anatsamwa.

Nkhani siigona m'komboni. Bana Mwape, mayi wa nyumba yoyandikana nafeyi, anandipeza pampopi.

"Ba Nabanda, nimvela ati mwasegula sukulu na bapongozi banu. Vachilendo ivi!"

"Munandiona ndikuwayang'ana?"

"Awe."

"Munandimva ndikulankhula nawo?"

"Awe."

"Ndiye tungani madzi anu, ndowa yadzadza."

Mabowo anayamba kuchepa, koma pang'onopang'ono, ndipo chizolowezi chija choima pamene liwu latayika sichinathe msanga. Masiku ena pepala linkabwera labwino, ine n'kumayimba posesa. Mawa lake lichero lija labweranso. Ndinafika podziwa ndi makutu okha, pepala lisanalowe, kuti lero zayenda kapena ayi.

Mphepo ya Ogasiti inadutsa ndi fumbi lake, kutentha kunafika, ndipo chaka chimene chipatala chinapereka chinali kukutha. Mayeso amene ankabwerawo anali otsiriza. Akagwanso, malo apita, ndipo banja likhala lodukizana, mayi uko, ana kuno. Ndiye Lamulungu lina masana amayi anu anaimba foni yoonana nkhope. Iwe Yamikani mwina sukukumbukira, kapena ukukumbukira, n'chifukwa chake wayamba kuwerenga nyerere. Atate ako anakuitana kuti udzapereke moni. Unayang'ana nkhope ija pa foni, n'kuthawira kumbuyo kwa chitenje changa. Unati, "Sinifuna. Ba mummy banga ni ambuya." Usagwetse nkhope, unalibe mlandu, mwana amadziwa amene akumusambitsa. Koma amayi ako anamva. Anati netiweki yavuta, n'kudula, pamene netiweki inali bwinobwino.

M'mawa mwake foni inabwera m'mbale monga mwa masiku onse. Ndinakanikiza. Anali anthu awiri, dokotala ndi wodwala, akulankhula mothamanga. Sipanapite nthawi, cholembera chinaima. Ndinadikira kuti chiyambenso, koma ndinamva chikuikidwa pansi pa simenti, mwakachetechete. Kenako ndinamva chimene mpongozi sayenera kumva, mwamuna wamkulu akulira mobisa, dzanja lili pakamwa.

Chanda, iwe wakula, ndikuuza zimene zinali mumtima mwanga. Chala changa chinapita pa foni kuti ndiimitse. Ndipo kunabwera ganizo lina lokoma kwambiri. Linati asiye, agwe, Tiyamike adzatopa yekha kumeneko n'kubwerera, ana akhala pompano. Chimwalirire agogo anu aamuna, nyumba ino inali isanakhalepo ndi phokoso ngati limene munabweretsa inu. Ndinkalifuna phokosolo, ndipo ndikulifunabe. Koma ndinakumbukira nkhope ya mwana wanga pamene ankanamizira netiweki. Ine anga ndinalera kale, ndipo palibe amene anandilanda.

Sindinaimitse. Ndinasendera pa mpata wa chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wanga ndinalankhula nawo ndekha, popanda munthu pakati.

"Bambo a Chanda, chadutsa chadutsa. Madzi akatayika saoleka. Siyani mpata, gwirani chikubwerachi."

Dokotala uja, amene sankadziwa za mavuto athu, ankangopitiriza zake. Kenako ndinamva mawu otsika kwambiri, akuvomera mwaulemu wa Chibemba. "Mukwai, amai." Dzanja linafufuza pa simenti. Cholembera chinayambanso, ndipo chinayambira pakati pa chiganizo, pomwe dokotalayo anali. Pepala la tsiku limenelo linali ndi bowo limodzi lalikulu cha pamwamba, lonyowa pang'ono, koma kuchokera pamenepo mpaka pansi linali lodzaza.

Kuyambira tsikulo zinasintha. Mipata inalipobe, koma ing'onoing'ono, ya liwu limodzi, ndipo yambiri ankaidzaza okha akafika kumapeto, nkhani yonse itawaonekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitinalankhulanenso, tinabwerera ku mbale ndi chitseko ngati palibe chachitika. Ndinamva kwa iwe Chanda kuti ngakhale mu minibasi ya ku Mukobeko ankamvetsera, kondakitala akukuwa, foni ataitsekera m'thumba la zipi kuti chala chisaifikire.

Tsiku lopita ku Lusaka ndinawawotchera chinangwa ndi mtedza, n'kuwasiyira patebulo. Masiku ano Lusaka ndi pakhomo, mumanyamuka mutamwa tiyi, n'kufika dzuwa lisanalunjike pamutu. Ife tinkapita pa sitima, pamodzi ndi nkhuku ndi matumba a makala, ndipo inkaima pa siteshoni iliyonse ngati ili ndi abale kumeneko. Tinkanyamula munkoyo, thobwa la kuno, m'botolo ndi mbatata zophika, n'kukafika titadziwana ndi ngolo yonse. Komabe ulendo wa atate anu unanditalikira kuposa wa sitima. Ndinasesa bwalo losesasesa kale, ndinathira mchere kawiri mu ndiwo, inu n'kumadya mwaulemu. Atabwerako sananene kanthu, ndipo ine ndikanafunsa bwanji? Tinangodikira. Mvula yoyamba inagwa, inswa zinatuluka, tikudikirabe.

Linali tsiku la pakati pa sabata, inu muli kusukulu. Ndinali m'chipinda ndikupinda zovala pamene ndinamva geti, nthawi yoweruka isanakwane. Mapazi anabwera molunjika pakhomo panga. Ndinamva kuomba m'manja, kenako maondo akugunda simenti.

"Amai," anatero, akulankhula kwa chitseko. "Vatuluka. Napasa. Vonse." Kenako anathokoza m'Chibemba chawo. "Natotela, mayo. Siniziba mokambila."

Ndinakhala pansi pabedi, malaya a Yamikani ali m'manja. Chimwemwe chinandigwira, ndipo pomwepo chinakumana ndi chisoni, chifukwa ndinadziwa kuti mukupita, ndipo ndakukankhani ndine ndi manja anga omwe. Walira mvula walira matope. Ndinaganizanso kuti munthu uyu ndikumudziwa kapumidwe kake, liwiro la dzanja lake, kulira kwake komwe, koma atasochera ku Mangalande, anthu n'kundifunsa kuti nkhope yake njotani, ndingafotokoze nkhongo yokha.

Kwathu mpongozi akakhutira ndi mkamwini amaitana akuluakulu, amapha nkhuku, ndipo kuzembana kumathera pamenepo. Kwa atate anu nakonso uliko mwambo wotere, wa ng'oma ndi mbale zambiri. Zimenezo tinadzachita pambuyo, munadya nawo. Koma tsiku limenelo mtima wanga sukanadikira akuluakulu. Ndinatsegula chitseko chonse mpaka chinagunda khoma.

Atate anu anadzidzimuka, anayamba kukwawira chammbuyo, maso pansi. Ine ndinakhala pa simenti pomwepo, patsogolo pawo.

"Dzutsani nkhope, bambo a Chanda."

"Awe, amai..."

"Dzutsani. Mukupita ndi adzukulu anga. Ndikufuna ndimuone munthu amene ndikumupatsa."

Anadzutsa pang'onopang'ono. Ana inu, atate anu ali ndi imvi pamwamba pa khutu, ali ndi kachipsera pachibwano, ndipo maso awo ndi ako ndendende, Yamikani. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti maso amenewo unatengera kwathu ku Ntcheu. Ndinaseka, misozi ikutsika, iwonso anaseka. Ndinawagwira dzanja, ndinati, "Pitani nawo, mwana wanga. Amayi awo adikira mokwanira."

Ndi zimenezo, ana inu. Tsono tasenderani kuno pafupi, nanunso ndikuoneni bwino.